Sofa ya ku Cape Town: zimene nsalu imabisa

Msewu wa Voortrekker umachoka ku Salt River, kudutsa Maitland, Goodwood ndi Parow mpaka ku Bellville, ndipo m'matauni amenewa masitolo a mipando achita kundandana. Alipo odziwika dziko lonse monga Lewis, Bradlows, Russells ndi OK Furniture, tiliponso timasitolo ta anthu wamba, tina togulitsa zatsopano, tina zogwiritsidwapo kale ntchito. Loweruka la kumapeto kwa mwezi mumva Chichewa ndi Chitumbuka m'masitolo amenewa: bambo wogwira ntchito ya maluwa ku Constantia, mayi wa ntchito ya m'nyumba ku Table View, banja limene langopeza chipinda chokulirapo ku Dunoon kapena ku Capricorn ndipo likufuna pokhazika alendo. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma la South Africa adafika pa R28,79 pa ola. Pa mlingo umenewo munthu wogwira maola 45 pa sabata ankatola ndalama yongopitirira pang'ono R5 600 pamwezi, lendi isanachoke, ya kumudzi isanatumizidwe. Sofa ya banja lotere ndi thukuta la miyezi yambiri, ndipo zimandiwawa kuiona itagwa pakati chaka chisanathe.

Kwathu ku Malawi vuto ili n'lochepa. Ku Ndirande kapena ku Mchesi kalipentala amakhoma felemu panja, m'mbali mwa msewu, aliyense akuona. Mumatha kuligwira thabwa, kufunsa ngati ndi mlombwa, mbawa kapena paini wa ku Chikangawa, kuona m'mene akukokera malamba a tayala pokhalira, kenako n'kusankha nsalu. Ku Cape Town mumakumana ndi mpando wovala kale, woyikidwa pansi pa magetsi owala, mapilo okongola ataunjikidwa pamwamba. Zimene zimasunga moyo wa mpando zonse zili kuseri kwa nsalu, ndipo maso okha sangasiyanitse mpando wodzakhala zaka makumi awiri ndi uja wa chikomekome cha mkuyu. Tsono kuweruza kuyambire m'kati kutulukira kunja: felemu poyamba, kenako zonyamula munthu pansi pa khushoni, siponji, nsalu pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti nsalu ikang'ambika imasinthidwa, siponji ikafota imasinthidwa, koma felemu ikathyoka mpando watha.

Felemu zambiri za kuno zimapangidwa ndi paini wodzalidwa m'nkhalango za dziko lomweli, kapena bulugamu amene amisiri amamutcha saligna. Saligna ndi wolimba ndi wolemera kuposa paini, ndipo amagwira bwino misomali ndi masikuluu. Paini si woipa ayi, malinga akhale wokhuthala, wopanda mfundo zikuluzikulu pamalo onyamula katundu, ndiponso wouma. Matabwa abwino a mipando amaumitsidwa mu uvuni mpaka madzi otsalamo atatsikira cha pa magawo 12 pa 100 aliwonse kapena kucheperapo. Thabwa lokhomedwa lili laliwisi limapitiriza kuuma mpando uli kale m'nyumba mwanu. Limapindika, limachepa, ndipo polumikizira pamayamba kulira mukakhala. Plywood yokhuthala nayo ndi yodalirika chifukwa timapepala take ta thabwa timamatidwa mopingasana, kotero sipindika chisawawa.

Chimene ndimachiopa ndi chipboard, utuchi ndi tizibenthu ta mitengo zopanikizidwa pamodzi ndi guluu. Ku Johannesburg, kumene nyengo yozizira imakhala youma, chipboard imatha kupirirako. Cape Town ndi ina. Kuno mvula imagwa m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo dera la Cape Flats ndi lamchenga, lathyathyathya, madzi ali pafupi ndi pamwamba. Amene amakhala m'nyumba za malata ku Philippi kapena ku Masiphumelele akudziwa m'mene simenti ya pansi imatulukira thukuta ndi m'mene madzi amalowera pansi pa chitseko. Chipboard ikamwa chinyezi imafufuma, imanyenyeka, ndipo sikuluu imene idali m'menemo imangozuka ndi dzanja. Sibwereranso m'chimake ngakhale muiyanike padzuwa. Mphepo ya mchere ya kunyanja nayo imachititsa dzimbiri mawaya ndi masitepulo osatetezedwa, makamaka kwa okhala ku Hout Bay, Muizenberg ndi Milnerton.

Nanga muidziwa bwanji felemu yobisika? Gwirani mwendo umodzi wa kutsogolo kwa sofa ndi kuunyamula masentimita ngati 15. Mwendo winawo wa kutsogolo uyenera kunyamuka nawo. Ukatsalira pansi, ndiye kuti felemu ikupotoka, ndipo idzapotoka chomwecho tsiku lililonse anthu akamakhala mbali imodzi. Pamene mwanyamulapo mumvanso kulemera: sofa ya anthu atatu imene mukuikweza mosavutikira ndi dzanja limodzi ili ndi matabwa ochepa. Komabe kulemera kokha kusakunyengeni, pakuti chipboard nayo ndi yolemera. Kankhirani kunja ndi m'kati potsamiritsa mkono, pasagwedezeke, pasalire. Tsamirani mwamphamvu kumsana. Kenako sisitani ndi chikhatho kuseri kwa mpando ndi m'mbali. Mukamva kuti kuseri kwa nsalu kulibe kanthu, kapena kuli katoni yolira ngati bokosi, dziwani kuti wopangayo adaumira pamalo amene ankaganiza kuti simuyang'anapo, ndipo mwina adateronso kwina.

Pemphani wogulitsa kuti akuthandizeni kuugoneka mpando chagada. Pansi pamakhala kansalu kakuda kopyapyala. Nthawi zina kamakhala ndi zipi. Apo ayi, walitsani tochi ya foni ndipo muona zambiri. Yang'anani m'makona. Felemu yabwino imakhala ndi tizidutswa ta thabwa ta makona atatu, tomatidwa ndi guluu ndi kumangidwa ndi masikuluu, ndipo matabwa aakulu amalumikizidwa ndi timitengo tolowa mbali zonse ziwiri. Masitepulo si tchimo: fakitale iliyonse imawagwiritsa ntchito pomangirira nsalu ku thabwa. Cholakwika ndi pamene felemu yonse yaima pa masitepulo okha. Onaninso miyendo. Yapulasitiki yomangidwa pa chipboard ndiyo imayamba kuthyoka mpando ukamakokedwa posesa. Wogulitsa akakana kuti muone pansi, thokozani n'kupita pa sitolo ina. Ndi zambiri mumsewumo.

Pansi pa khushoni pamakhala chimodzi mwa zinthu zitatu. Mipando yambiri ya masiku ano ili ndi masipuling'i a waya wokhotakhota oyalidwa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Chotsani khushoni, dinikizani ndi dzanja, muwamva. Akhale oyandikana, a waya wonenepa, omangidwa wina ndi mnzake ndi chingwe kapena waya wopingasa kuti asatalikirane. Mipando ina ili ndi malamba otanuka olukidwa ngati mkeka. Awa ndi abwino akakhala otambalala, olukidwa mothithikana ndi okokedwa kwambiri, koma akakhala ochepa amatha mphamvu msanga ndipo munthu amayamba kukhala m'dzenje. Mipando yakale ndi yodula imakhala ndi masipuling'i ozungulira omangidwa ndi manja, amene mmisiri amatha kuwakonza limodzilimodzi. Mukakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando n'kumva thabwa la kutsogolo likukudyani m'ntchafu, pamenepo pachepa zoyala.

Siponji ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa, chifukwa yatsopano iliyonse imamveka bwino. Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene ogulitsa amakonda kuzisakaniza: kulimba ndi kulemera. Kulimba ndi m'mene siponji imakanira mukaidinikiza, ndipo izi zimatengera kukonda kwa munthu. Kulemera, kumene amisiri amakutcha density, ndi makilogalamu amene siponji yokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu ingalemere. Nambala imeneyi ndiyo imanena za kukhalitsa. Siponji ya makilogalamu 16 kapena 18 ndi mpweya wokhawokha. Ikhoza kukhala yolimba ngati thabwa lero, koma timabowo take timaphwanyika msanga ndipo imasanduka chigumu chophwatalala. Pokhalira pamafunika ya makilogalamu 28 kupita m'mwamba, ndipo m'nyumba ya ana ndi alendo ambiri ya 32 kapena 35 ndiyo ingapirire. Kumsana ndi potsamiritsa mikono yopepukirapo ikhoza kugwira ntchito. Mtundu wa siponji, kaya yabuluu, yobiriwira kapena yapinki, ndi utoto chabe. Fakitale iliyonse ili ndi mitundu yake, kotero mawu akuti yabuluu ndiye yolimba asakugonjetseni. Funsani nambala, ndipo ailembe pa pepala logulira.

Tsegulani zipi ya khushoni muone ndi maso. Khushoni yabwino imakhala ndi siponji imodzi yathunthu yokutidwa ndi ubweya woyera wa fakitale, umene umaichititsa kuoneka yodzaza ndi kuteteza nsalu kuti isakhuzike ndi siponji. Mukapeza zidutswa zomatidwamatidwa kapena zinyenyeswa zongothiridwa m'thumba, mtengo uyenera kutsika kwambiri. Khushoni yochotseka ndi yotembenuzika ili ndi phindu lalikulu kuno: imatha mbali zonse mofanana, ndipo dzuwa likatuluka pakati pa mvula mumaitulutsa panja kuti chuku chisayambe. Khalani pampandowo mphindi khumi, osati masekondi khumi. Khalani m'mene mumakhalira kunyumba. Mapazi afike pansi, msana utsamire popanda kuseri kwa mawondo kupanikizika. Mukadzuka yang'anani ngati siponji yabwerera nthawi yomweyo. Ngati m'banjamo muli munthu wachikulire kapena wa vuto la mawondo, mpando wotsika ndi wofewa kwambiri udzamuzunza podzuka.

Pali chinthu china chokhudza siponji chimene sitikambirana mokwanira. Siponji ya mipando imayaka mofulumira ndipo utsi wake ndi wakupha. Ku Britain, moto wa mu sitolo ya Woolworths ku Manchester mu 1979 udapha anthu khumi utagwira mipando ya siponji, ndipo ngoziyi idali imodzi mwa zifukwa za malamulo okhwima a 1988 okhudza mipando ndi moto. Kuno tidaona moto wa ku Imizamo Yethu mu Malichi 2017 ndi wa ku Masiphumelele mu Disembala 2020, umene udasiya anthu zikwizikwi panja. M'chipinda chimodzi mmene muli kandulo, chitofu cha palafini ndi hita, sofa yaikulu si chinthu chongoika paliponse. Ikhale kutali ndi moto, ndipo isatseke njira ya pakhomo.

Tsopano nsalu. Nsalu za mipando zimayesedwa ndi makina otchedwa Martindale, dzina la katswiri wa ku Britain amene adawapanga m'zaka za m'ma 1940. Makinawo amakhuza nsalu mozungulirazungulira mpaka ulusi utayamba kuduka, ndipo amawerenga kuti akhuza kangati. Nambalayo imalembedwa kuseri kwa tinsalu tachitsanzo timene masitolo abwino amasunga. Ya pansi pa 10 000 ndi ya mapilo okongoletsa. Ya pakati pa 20 000 ndi 25 000 ndi yokwanira panyumba wamba, ndipo yopitirira 30 000 ndi imene amaika m'malo odyera ndi m'maofesi. Kopanda nambala, tambasulani kansaluko pa kuwala: yoonekera kwambiri ndi yolukidwa motayana. Kandani ndi chikhadabo muone ngati ulusi ukusuntha. Yang'anani msoko: ukhale wowongoka, wa timasitichi tating'ono, ndipo mukakoka mbali ziwiri usayasame. Dzuwa la chilimwe la Cape Town ndi laukali. Nsalu yakuda kapena yofiira yoyikidwa pa zenera loyang'ana kumpoto imasuluka msanga.

Za chikopa ndilankhula mosabisa, chifukwa apa ndi pamene ndalama za abale athu zimatayikira kwambiri. Chikopa chenicheni cha ng'ombe chimakhala zaka zambiri ndipo chimakongola ndi kukalamba, koma n'chodula. Chimene chimadzaza m'masitolo otsika mtengo ndi bonded leather, zinyenyeswa za chikopa zoperedwa, zomatidwa pa nsalu n'kukutidwa ndi pulasitiki wopyapyala, kapenanso PU, amene ndi pulasitiki basi. Zimawala bwino chaka choyamba. Kenako pamwamba pamayamba kusweka, n'kumasupuka, tizidutswa takuda timamatirira ku zovala za alendo, ndipo palibe mafuta kapena polishi amene angabweze. Chinyezi, thukuta ndi dzuwa zimafulumizitsa kusupukako. Mukaona mawu akuti leather uppers, akutanthauza kuti chikopa chili pokhalira, potsamira ndi poika mikono pokha, pamene m'mbali ndi kumbuyo ndi zopanga. Zimenezo si chinyengo ngati akuuzani, koma mtengo ugwirizane nazo. Fufuzani pamene chikopa chapindidwira pansi pa mpando: kuseri kwa chenicheni kumakhala kwa ubweyaubweya, kwa chopanga kumaoneka nsalu yolukidwa. Kwa munthu wa ndalama zochepa, nsalu yabwino ya poliyesitala imaposa chikopa chabodza kutalitali.

Ambiri mwa ife mpando woyamba sitigula m'sitolo. Timapatsidwa ndi abwana akamasamuka, kapena timaupeza pa Facebook Marketplace, pa Gumtree, kapena pa msika wa zakale wa ku Milnerton umene umachitika Loweruka ndi Lamlungu. Ine njira imeneyi ndimaiyamikira, chifukwa mpando wa zaka makumi atatu umene felemu yake ikadali nganganga wapambana kale mayeso amene watsopano sunakumane nawo. Ukakhala wa mlombwa, umene kuno amautcha kiaat, kapena wa oak, musausiye chifukwa cha nsalu yothimbirira. Amisiri okuta mipando alipo ambiri ku Woodstock, Salt River, Maitland ndi Parow. Funsani mtengo wa siponji ndi nsalu yatsopano musanagule, muwerengere pamodzi.

Koma mpando wakale umabwera ndi alendo ake. Nsikidzi zimabisala m'misoko, m'mapindo ndi pansi pa kansalu kakuda kaja. Chizindikiro chake ndi timadontho takuda ngati ta inki ndi timakoko toyera. Zimatha kukhala miyezi ingapo osadya, kotero kuti mpando udali m'galaja si umboni woti ulibe. Mukaona chizindikiro chimodzi chokha, usiyeni, ngakhale ukhale waulere; kuzichotsa m'nyumba kudzakudyerani ndalama yoposa mpando. Chachiwiri ndi tizilombo tofumbwa matabwa. Vutoli ndi lodziwika kwambiri ku Western Cape moti pogulitsana nyumba nthawi zambiri pamafunika chikalata chotsimikiza kuti matabwa ake sadafumbwe. Yang'anani timabowo ta milimita imodzi kapena iwiri, gogodani thabwa, muone ngati pakugwa ufa. Chachitatu, ikani mphuno pa siponji. Fungo la chuku, la mkodzo wa galu kapena la fodya likalowa m'kati silichoka ndi sopo, ndipo chuku chimavutitsa ana a mphumu.

Lamulo la dziko lino limateteza wogula, ndipo silifunsa kuti ndi wa dziko liti. Consumer Protection Act ya 2008, imene idayamba kugwira ntchito mu 2011, ikunena mu gawo 56 kuti katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, mukhoza kumubweza popanda kulipira kanthu, ndipo wosankha ndinu: akukonzereni, akupatseni wina, kapena akubwezereni ndalama. Akakonza koma vutolo n'kubweranso pasanathe miyezi itatu, ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. Sitolo ikakana, kuli Consumer Goods and Services Ombud ndi ofesi ya Consumer Protector ya boma la Western Cape, ndipo kudandaula n'kwaulere. Malire ake muwadziwenso. Lamuloli silikhudza munthu wamba amene wangokugulitsani sofa yake ya kunyumba. Silikuthandizani pa vuto limene adakuuzani poyera inu n'kuvomera. Silikakamiza sitolo kulandira mpando chifukwa choti mwasintha maganizo kapena wakanika kulowa pakhomo, choncho yezani chitseko ndi chipinda musananyamuke. Ndipo miyezi isanu ndi umodzi ndi yochepa: siponji yopepuka ndi chikopa chabodza nthawi zambiri zimadikira kuti nthawiyo idutse. Sungani lisiti, ijambuleni pa foni chifukwa inki yake imafufutika, ndipo mpando ukafika uyang'aneni musanasayine pepala la dalaivala.

Galanti ya zaka zisanu kapena khumi muiwerenge bwino. Kawirikawiri zaka zambirizo ndi za felemu yokha, siponji ndi nsalu zili ndi nthawi yaifupi. Komanso galanti imadalira kuti sitoloyo ikhalepobe. Ellerines idali imodzi mwa makampani aakulu a mipando m'dziko lino, koma idagwa mu 2014 pamodzi ndi mavuto a African Bank imene idali mwini wake.

Nkhani ya Ellerines ikutikumbutsanso kuti malonda ambiri a mipando kuno ndi malonda a ngongole. Pa chikwangwani amalemba ndalama ya pamwezi ndi zilembo zazikulu. Inu funsani ndalama yonse imene mudzakhale mutalipira pomaliza. National Credit Act ya 2005 imakupatsani ufulu wolandira pepala losonyeza zonsezo musanasayine: chiwongoladzanja, ndalama yotsegulira ngongole, ya mwezi ndi mwezi, ndi inshuwalansi. Inshuwalansiyo muiyang'anitsitse. Mu 2015 kampani ya Lewis, imene idayambira mumzinda uno mu 1934, idalengeza kuti ibweza pafupifupi R67 miliyoni kwa makasitomala amene adagulitsidwa inshuwalansi ya kutha kwa ntchito pamene adali opuma pantchito kapena odzilemba okha, anthu amene sakadapindula nayo. Wa maganyu afunse ngati imene akumuonjezerayo ingamuthandize n'komwe. Njira ya lay-by, yolipira pang'onopang'ono katundu akadali m'sitolo, ilibe chiwongoladzanja, ndipo mukalephera kumaliza chilango chake sichiyenera kupitirira gawo limodzi pa 100 la mtengo wonse. Kudikira miyezi itatu mukukhala pa makreti kuli bwino kuposa kulipirira zaka ziwiri mpando umene wayamba kale kusupuka.

Ena amagula sofa ndi cholinga chokaika m'nyumba imene akumanga ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Kuchoka ku Cape Town kukafika ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi makilomita oposa 3 000, mpando utamangidwa ndi zingwe pa ngolo, katundu wina atasanjikizidwa pamwamba, dzuwa ndi mvula zikuumenya. Felemu ya masitepulo okha imafika itamasuka kale, ndipo galanti yake simungaitsate kuchokera kumudzi. Ngati mwatsimikiza kutumiza, sankhani wa miyendo yomasuka, kutani makona ndi makatoni ndi mabulangete akale, ndipo muwerengere ndalama ya wonyamula ndi msonkho wa MRA pa chipata. Mukaphatikiza zonsezi, nthawi zambiri nzeru ndi kugula kuno nsalu yokha ya nambala yabwino, imene imakwana m'chikwama chimodzi, n'kukapatsa kalipentala wa kwanu. Sofa ya anthu atatu imadya mamita 12 mpaka 15 a nsalu, kutengera kapangidwe kake. Mufunseni mmisiriyo muyeso musanadule, ndipo m'bale wanu akaone felemu ndi siponji asanazikute.